Kwaya yathu yatuluka m'chimbale

Mu ofesi ya mpingo wathu muli kompyuta ya patebulo ya m'nthawi ya Windows XP. Ndi chibokosi chotuwa, cholemera, cha fani yosokosera, koma mpaka lero imalemba makalata a ubatizo ndi malipoti a zopereka mosanyinyirika. Chimodzi chokha n'chimene chinali chitagona: drive ya zimbale. Ukadina batani lake, mkati munkamveka kamota kakulira pang'ono, kenako zii. Thireyi osatuluka. Pa My Computer chilembo cha D: chinali chitasowa, ndipo alembi a mpingo anamatapo kapepala kakuti "Osadina, n'chakufa".

Zikanangokhala choncho, popeza masiku ano nyimbo zimayenda pa foni. Koma m'kabati ya mu ofesi momwemo munali katoni ya zimbale: nyimbo zimene kwaya yathu inajambulitsa mu 2007, ma DVD a misonkhano ya amayi, kanema wa tsiku limene tinakhoma denga la tchalitchi. Ena mwa oyimba pa chimbale chija anatisiya. Ana awo ankafuna kumva mawu a makolo awo, koma malaputopu atsopano alibe polowetsa chimbale, ndipo ma DVD player a m'makomo ambiri anatha ntchito kalekale. Nyimbo tinali nazo m'manja, makutu osazimva.

"Achimwene, inu mumadziwako za makompyuta," anatero amayi apampando a kwaya. "Chimenechi chingadzuke, kapena tizisonkha ndalama?"

"Musasonkhe kaye, amayi. Timve kaye pamene pakupweteka."

Ndinatero chifukwa drive si chinthu chimodzi. Muli mota ndi lamba, muli nthambo, muli diso lowerengera, ndiye palinso Windows imene iyenera kuizindikira. Chimodzi mwa izi chikafooka, zonse zimaoneka ngati zafa, ndipo anthu amataya chipangizo chabwinobwino chifukwa cha kachinthu kosafika mtengo wa buledi.

Kulira kwa kamota kuja kunali uthenga wabwino: magetsi akufika. Drive ya mtundu wakalewu imalandira moto kudzera pa pulagi ya mawaya anayi, wachikasu wa 12 volts, wofiira wa 5 volts ndi akuda awiri, ndipo ikanakhala yosalandira sikanalira n'komwe. Pansi pa thireyi pali kabowo kamene anthu ambiri sakaona. Tinazimitsa kompyuta, ndinawongola kawaya kopanira mapepala, n'kukalowetsa m'kabowomo n'kukankha. Thireyi inasuzumira! Nditaikoka ndi zala, m'kati munali chimbale cha maphunziro a Sande sukulu chimene aphunzitsi anachifunafuna mpaka kukayikirana. Alembi anaseka mpaka kugwira tebulo.

Tinazula pulagi kukhoma, kutsegula chibokosi, kutulutsa drive n'kumasula masikuluwu a pansi pake. Wolakwa anali poyera. Kutsogolo kuli kalamba kakuda ka labala kamene kamalumikiza mota ndi gudumu lokankha thireyi, ndipo kathu kanali katatamuka, konyezimira, koterera ngati therere. Mota inkazungulira ndithu, koma lamba ankangoseseleka pamwamba. Ntchito ya kalambaka si yaing'ono monga momwe kamaonekera. Thireyi ikatsekeka, maginito amapana chimbale pa mota yochizungulitsa, ndipo potsegula lamba ayenera kukoka mpaka maginitowo asiye. N'chifukwa chake drive yokalamba imavuta kwambiri kutseguka ikakhala yopanda kanthu kusiyana ndi pamene muli chimbale, popeza chimbalecho chimatalikitsa maginito. Yathuyi inali itafika poti ngakhale muli chimbale sinkathanso.

Kuviika lamba wotere m'madzi otentha kumam'bweza pang'ono, koma si kwa nthawi yaitali. Ine ndinapita naye kumsika kwa bambo wina wokonza mawailesi, amene amasunga chitini chodzaza malamba ochokera m'mawailesi a kaseti. Anamuyang'ana kamodzi, kuvundula m'chitinimo, n'kutulutsa mnzake wocheperako pang'ono. Anthu amenewa ndi chuma cha m'misika yathu, ndipo tikamathamangira zatsopano timawadutsa osawapatsa moni.

Lamba atalowa, tinabwezera zonse n'kuyatsa. Amayi apampando ndiwo anadina batani. Thireyi inatuluka yokha, myaa, mpaka kumapeto. Anadinanso, inalowa. Anadinanso kachikena chifukwa chongokondwa, ndipo palibe anawaletsa.

Komabe chilembo cha D: sichinaoneke, ndipo ngakhale mu BIOS dzina la drive munalibe. Apa sitinachedwe. Nthambo yafulati ya IDE, ya mabowo 40, imanyamula zipangizo ziwiri, ndipo pa yathuyi panali patawonjezedwa hard disk yachiwiri. Zipangizo ziwiri pa nthambo imodzi ziyenera kugawana maudindo: china Master, china Slave. Zathu zonse zinali pa Master. Kumbuyo kwa drive kuli kapulasitiki kotchedwa jumper. Ndinakazula pa MA n'kukaika pa SL, kukanikiza nthambo bwinobwino, mzere wake wofiira utaloza ku pini yoyamba. BIOS inatchula dzina la drive nthawi yomweyo.

Windows ndiyo inatsala. Mu Device Manager drive inaoneka, koma ndi chizindikiro chachikasu ndi uthenga wa Code 39. Vuto limeneli limadziwika bwino pa makompyuta a nthawi imeneyo. Mapulogalamu owotchera zimbale amalembetsa timadalaivala tawo mu registry, pa mizere iwiri yotchedwa UpperFilters ndi LowerFilters. Pulogalamu ikachotsedwa mosalongosoka, mayina aja amatsala, ndipo Windows imakakamira kufunafuna fayilo imene kulibe mpaka kuikana drive yonse. Mizereyi ili pansi pa kiyi ya gulu la ma CD ndi DVD, yoyamba ndi 4D36E965. Mu registry simolowa mothamanga, choncho ndinasunga kaye kope ya kiyiyo, kenako n'kufufuta mizere iwiriyo yokha. Kompyuta itayakanso, D: anali pamalo pake. Alembi anamatula kapepala kawo kaja n'kukapinda.

Tinaika chimbale cha kwaya. Oyimba anayamba bwino, kenako mawu anadumpha, n'kubwerezabwereza malo amodzi. DVD ndiye inakanikiratu: inkazungulira, n'kugogoda, n'kuima.

Apa mpamene panali pokoma, chifukwa kusiyana kumeneku kunatiuza kumene tiyang'ane. Drive ya DVD ili ndi ma laser awiri. Wa CD ndi wa 780 nanometres, wosaoneka bwino ndi maso. Wa DVD ndi wofiira, wa 650. Mizere ya pa CD imatalikirana 1.6 micrometres, pamene ya pa DVD imatalikirana 0.74 yokha, n'chifukwa chake chimbale cha kukula komweko chimanyamula 4.7 GB m'malo mwa 700 MB. Zolembedwa zing'onozing'ono chonchi zimafuna diso loyera. Fumbi lochepa limene CD ingalipirire, DVD silipirira. Zikanatheka kuti laser wofiirayo watha mphamvu, ndipo apo tikanagonja n'kukasaka drive ina. Koma ofesi yathu ili m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo fani yakhala ikukokera m'kati mphepo ya mwezi wa Okutobala chaka ndi chaka.

Tinazimitsanso, kuzula pulagi, kutsegula. Drive yotsegula siyatsidwa, laser angakuwonongeni maso. Diso lake ndi kagalasi kozungulira kokhala pa kangolo koyenda pa tizitsulo tiwiri, ndipo titawalitsa tochi ya foni tinaona kuti kachita chifunga chofiirira. Ndinatenga kathonje ka m'makutu, kukanyowetsa pang'ono ndi isopropyl alcohol amene okonza mafoni amagwiritsa ntchito. Sipiriti wapepo wa m'magolosale ayi, amasiya utoto. Kagalasika kamalendewera pa timawaya topyapyala kuti kazitha kukwera ndi kutsika pofuna mzere, choncho sukanikiza. Umangokhudza, kuzungulitsa pang'ono, n'kupukuta ndi mbali youma. Thonje linatuluka lofiira. Pa tizitsulo tija girisi anali atauma n'kugwirana ndi fumbi; tinapukuta n'kupaka watsopano pang'ono kwambiri.

Zimbale nazo tinazisambitsa ndi madzi ndi kansalu kofewa, kupukuta kuchokera pakati kupita kunja. Mzere wa pa CD ndi umodzi wokha, woyambira pakati n'kumazungulira kupita m'mphepete, wautali makilomita oposa 5. Kukanda kodutsa mzerewo mopingasa drive imatha kukonza yokha, koma kukanda kotsatira mzere kumafufuta mawu ambiri motsatizana. Ndipo mbali yoopsa ya CD ndi yapamwamba, yolembapo dzina, chifukwa nyimbo zili pansi penipeni pa utotowo.

Titaikanso chimbale, drive inapuma kamodzi n'kuyamba kuzungulira mwakachetechete. Nyimbo yoyamba inatuluka yonse, yosadumpha, mabesi akugunda m'timasipika ta pa tebulo. Amayi apampando anaimba nthungululu mu ofesi ya abusa! Anthu amene ankasesa m'tchalitchi anasiya matsache n'kudzadzaza pakhomo. Mtsikana wina wa kwaya ya achinyamata anakuwa kuti, "Awo ndi amayi anga! Alito imeneyo ndi ya amayi anga!" n'kuyamba kuvina pomwepo, anzake akumuwombera m'manja. DVD ya denga nayo inatseguka, ndipo panali phwete ndi chiseko poona akuluampingo ali ndi tsitsi lakuda, atakwera pamwamba ndi hamala m'manja.

Kanatsala kamodzi. Pokopera, kompyuta inkakwawa ndipo mawusi inkadumphadumpha. Windows XP ikakumana ndi zolakwika zowerenga zokwana 6 imatsitsa drive kuchoka pa DMA kupita pa PIO, njira yochedwa imene imatopetsa purosesa. Ndinachotsa Secondary IDE Channel mu Device Manager, kuyatsanso, Windows inaibwezera yokha pa DMA, ndipo chimbale chonse chinkatha kukopedwa tiyi asanazizire.

Tinasandutsa nyimbo zonse kukhala MP3, kuziika pa hard disk, pa fulashi ya alembi ndi pa memore khadi ya amayi apampando, chifukwa utoto wa m'ma CD-R umafooka ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo chimbale china chimene chinakhalitsa pawindo chinangotipatsa theka la zithunzi zake. Madzulo omwewo nyimbo zinali pa gulu la WhatsApp la mpingo, ndipo m'mawa mwake zinali zitafika kwa ana athu a ku Johannesburg, amene anayamba kuitanitsa kanema wa denga.

Tsopano Loweruka lililonse pa ofesi pamakhala mzere wa anthu onyamula ma DVD a maukwati ndi zinkhoswe m'majumbo, ndipo alembi atsegula kaundula wa amene abwera poyamba. Kwaya yapeza pa chimbalecho nyimbo imene inali itaiwalika ndipo ikuiphunziranso kuti idzaimbe pa Pasaka. Mabesi akukangana kale za pamene ayenera kulowera, ndipo akakanika kugwirizana amathamangira ku ofesi kukadina batani.