Maina a Nkhono ndi Kusintha kwa Magulu Ao

1. Mau Oyamba

M'Chicheŵa tili ndi liu limodzi, nkhono, lotchulira kanyama kalikonse kokwaŵa ndi mimba kamene kamasenza chigoba kumsana, kaya kakhale ka kumtunda, ka m'dambo kapena ka m'nyanja yamchere. Liuli limatikwanira pa zokamba za tsiku ndi tsiku. Koma ife amene timalemba mabuku a sukulu ndi mabuku otanthauzira mau m'ziyankhulo zathu timafunikanso kutchula magulu amene akatswiri a sayansi anaikamo nyamazi, ndipo vuto lili pakuti maguluwo sakhalitsa. Cholinga chathu m'pepala lino ndi kufotokoza m'mene kagaŵidwe ka nkhono kasinthira, chimene chachititsa kusinthako, ndi phunziro limene opanga mau atsopano angatolepo.

2. Magulu Akale

M'chaka cha 1758, Linnaeus wa ku Sweden anagaŵa nyamazi poyang'ana kunja kokha. Nkhono zachigoba anaziika pamodzi ndi nyama zina zachigoba, pamene zopanda chigoba anaziika m'gulu lina. Georges Cuvier wa ku France ndiye anazitumbula naona kuti m'kati mwao ndi zofanana, chigoba chikhalepo kapena chisakhalepo. Iye anaziphatikiza mu 1795 nazitcha Gastropoda, dzina lochokera ku mau aŵiri a Chigriki otanthauza mimba ndi phazi.

Pambuyo pake akatswiri anatembenukira ku ziŵalo zopumira. Nkhono ikadali yaing'ono kwambiri, thupi lake limapotoka theka la mzungulo, kotero kuti ziŵalo zimene zinali kumbuyo zimadza kutsogolo, pamwamba pa mutu. Mu 1848 Henri Milne-Edwards anatcha Prosobranchia nkhono zimene ziŵalo zao zopumira m'madzi zili kutsogolo kwa mtima, natcha Opisthobranchia zimene ziŵalozo zili kumbuyo kwa mtima. Gulu lachitatu, Pulmonata, linali la nkhono zopuma mpweya ndi mapapo. Johannes Thiele wa ku Germany anakhazikitsa magulu atatuŵa m'buku lake lalikulu limene linatuluka pakati pa 1929 ndi 1935, ndipo kwa zaka zoposa 50 ophunzira m'maiko onse analoŵeza magulu omweŵa. Anali osavuta kuphunzitsa: nkhono zambiri za m'nyanja yamchere zinali m'gulu loyamba, zopanda chigoba za m'nyanjamo m'gulu lachiŵiri, ndipo zambiri za kumtunda m'gulu lachitatu.

3. Chimene Chinagwetsa Magulu Akale

Kusintha kunayambira pa funso lakuti gulu lenileni n'chiyani. Willi Hennig, m'buku lake la mu 1950, anaphunzitsa kuti gulu loona ndi lokhalo limene muli kholo limodzi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse, popanda kusiyapo ina kapena kuloŵetsamo mlendo. Ife a kuno sitivutika kumvetsa mfundoyi. Munthu sakhala wa m'mbumba chifukwa chofanana nkhope ndi eni mbumbayo, ndiponso sachotsedwamo chifukwa chakuti anasamukira kutali nasintha makhalidwe. Chimene timaŵerenga ndi bere limene anatulukamo.

Atayesa nkhono ndi muyeso umenewu, magulu a Thiele anayamba kuphwasuka. Mu 1997 Winston Ponder ndi David Lindberg anafanizira ziŵalo zambiri za m'kati mwa nkhono, monga mitsempha, impso ndi lilime lokhakhala lija limene nkhono imapalira chakudya. Iwo anasonyeza kuti Prosobranchia si mbumba imodzi, koma ndi mulu wa mafuko osiyana amene anangosunga maonekedwe akale. Ena mwa mafukowo ali pa ubale wapafupi ndi nkhono zamapapo kusiyana ndi anzao amene anali nao m'gulu limodzi.

Kenaka kunadza njira yoŵerengera DNA, imene imasunga mbiri ya chibadwa m'thupi la chamoyo chilichonse. Mu 2005 Philippe Bouchet ndi Jean-Pierre Rocroi anafalitsa kagaŵidwe katsopano ka mabanja 611, ndipo 202 mwa iwo anali odziŵika ndi zigoba zotsalira m'miyala zokha. Mu 2010 Katharina Jörger ndi anzake anasonyeza kuti Opisthobranchia ndi Pulmonata naonso si magulu oona, pakuti mafuko ao ndi oloŵana. Bouchet ndi anzake anakonzanso ntchito yao mu 2017, ndipo nkhono zamoyo anaziika m'magulu akuluakulu asanu ndi limodzi: Patellogastropoda, Neomphaliones, Vetigastropoda, Neritimorpha, Caenogastropoda ndi Heterobranchia. Chodziŵika tsopano n'chakuti nkhono zinatuluka m'madzi kunka kumtunda kangapo konse, m'mafuko osiyana, ndiponso kuti chigoba chinatayika kambirimbiri. Motero kupuma mpweya kapena kusoŵa chigoba si umboni wa ubale.

4. Zitsanzo za M'chigawo Chathu

Nkhaniyi si ya kutsidya la nyanja kokha. M'nyanja ya Tanganyika muli nkhono za zigoba zochindikala, zina zaminga monga Tiphobia, zimene zimaoneka ngati za m'nyanja yamchere. J. E. S. Moore, amene anakazifufuza komweko, analemba m'buku lake la mu 1903 kuti nkhonozi ndi zotsalira za nyanja yamchere yakalekale imene inkafika m'kati mwa Afrika. Kafukufuku wa pambuyo pake anakana maganizoŵa. Nkhonozi ndi za m'madzi opanda mchere, zambiri za banja la Paludomidae, ndipo chimene chinasocheretsa Moore ndi maonekedwe a chigoba.

Chitsanzo chachiŵiri chikukhudza umoyo wa anthu. M'nyanja ya Malaŵi muli nkhono za mtundu wa Lanistes ndi zina za mtundu wa Bulinus. Zonse ziŵiri zigoba zao zimaoneka zopindikira kumanzere, ndipo zonse zimatha kupuma mpweya. Komabe ubale wao ndi wakutali kwambiri. Lanistes ndi wa Caenogastropoda: ali ndi chitsekero pakamwa pa chigoba, ndipo ali ndi ziŵalo zopumira m'madzi pamodzi ndi phapo. Bulinus ndi wa Heterobranchia, ndipo alibe chitsekero. Kusiyanaku n'kofunika chifukwa Bulinus ndiye amasunga tizilombo ta likodzo la m'chikhodzodzo, pamene Lanistes safalitsa matendaŵa kwa anthu. Kwa nthaŵi yaitali Bulinus globosus wa m'madzi odikha ndi a udzu ndiye ankadziŵika ndi ntchito yoipayi, koma pambuyo pake kunapezeka kuti Bulinus nyassanus, wokhala pa mchenga wa m'nyanjamo, nayenso amafalitsa likodzo cha ku Chembe. Buku la zaumoyo limene lingonena kuti nkhono zimafalitsa likodzo silinanamize munthu, koma silinamuuze nkhono yoti aziiopa ndi malo oti aziŵapewa.

Chitsanzo chachitatu ndi mpande, chokongoletsera choyera chija chimene mafumu ndi akuluakulu a m'chigawo chino ankavala, chimene Ashona amati ndoro. Mpande inkasemedwa ku tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere imene Linnaeus anaitcha Conus. Mu 2009 akatswiri ena anagaŵa mtundu umenewu kukhala mitundu makumimakumi, ndipo mu 2015 Nicolas Puillandre ndi anzake, potsata umboni wa DNA, anaibweza kukhala mitundu inai. M'zaka zisanu ndi chimodzi zokha maina Achilatini anasintha kaŵiri, pamene liu lakuti mpande linakhala monga analisiyira makolo.

5. Phunziro kwa Opanga Mau

Pa zimene tafotokozazi tikutolapo mfundo zitatu. Yoyamba ndi yakuti tisamamasulire maina a magulu liu ndi liu. Mlembi amene angatenge Pulmonata nalitcha gulu la nkhono zamapapo akhala akukhazikitsa m'chiyankhulo chathu gulu limene eni ake analisiya, ndipo liu likaloŵa m'buku la sukulu limatenga zaka kuti lichokemo. Maina a magulu akhale m'Chilatini monga alili m'ziyankhulo zonse, ndipo pambali pake tizilemba chaka cha kagaŵidwe kamene tatsata.

Yachiŵiri ndi yakuti mau ofotokoza maonekedwe ndi makhalidwe tiŵasunge, koma tinene poyera kuti sakunena za ubale. Nkhono za kumtunda, nkhono za m'madzi, nkhono zopanda chigoba, nkhono zachitsekero: mau aŵa ndi abwino, ndipo sadzakalamba ngakhale akatswiri atasinthanso magulu ao.

Yachitatu ndi yakuti titolere maina amene asodzi, alimi ndi amai otunga madzi ali nao kale, m'Chicheŵa, m'Chiyao, m'Chitonga, m'Chibemba ndi m'ziyankhulo za m'mbali mwa nyanja ya India, ndipo dzina lililonse lizilembedwa pamodzi ndi chigoba chimene likutchula ndi malo amene chinatoledwa. Ntchito imeneyi ikufuna kuti katswiri wa chiyankhulo ndi katswiri wa zamoyo ayendere limodzi.

6. Mau Otsiriza

Kusintha kwa maina sikutanthauza kuti akatswiri ndi osakhazikika maganizo. Dzina lililonse la gulu ndi chiganizo chonena za ubale, ndipo umboni watsopano ukapezeka chiganizocho chiyenera kukonzedwa. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri a sayansi ŵatengera zaka zoposa 250 kuti afike pamene afikapa, ndipo ntchitoyo ikupitirirabe. Nafenso tisathamangire kuumba mau a magulu amene maŵa adzaphwasuka. Tiyambe talemba bwino zimene anthu athu akudziŵa kale za nyamazi.