Kodi mumadziwa? Malinga a ku Kasungu

Kale, fodya asanadzaze zigwa za kwa Njombwa, dera la Kasungu linali la malinga. Linga linali mudzi wotchingidwa ndi mpanda wolimba wa mitengo ndi dothi, wobisalamo anthu, ziweto ndi nkhokwe pa nthawi ya nkhondo.

Phiri la Kasungu linali mtima wa chitetezo cha Mwase, mfumu ya Achewa. Pamenepa Achewa anagonjetsa Angoni otsogozedwa ndi Nawambe, n'chifukwa chake phirili limatchedwanso Nguru ya Nawambe. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863, koma zaka 32 pambuyo pake azungu anabwera ndi mfuti. Mu Disembala 1895 asilikali otsogozedwa ndi Alfred Swann ndi Edward Alston anaphwasula likulu la Mwase, ndipo mfumuyo inadzipha posafuna kugwidwa. Angerezi anamanga linga lawo, Fort Alston, poyang'anira njira yolowera chakumadzulo, kwa mfumu Mpezeni.

Nzeru yomanga linga m'malire pofuna kuopseza anthu ogonjetsedwa Angerezi anaidziwira kwawo. Anormani atalanda England mu 1066, chaka chotsatira anayamba kumanga linga la miyala la Chepstow m'mphepete mwa mtsinje wa Wye, kumalire ndi Wales, ndipo makoma ake akadalipo.

Malinga athu a mitengo anadyedwa ndi chiswe, zomwe zimandimvetsa chisoni. Komabe m'nkhalango ya Kasungu National Park mukupezekabe zizindikiro za midzi yotchingidwa komanso ng'anjo zosungunulira chitsulo.