Dimba la Sukulu ndi Waya wa Mamita 40

Aphunzitsi ndi inu nonse ana a sukulu, phunziro lathu lero liyambira kudimba. Tinene kuti sukulu yanu yapatsidwa waya wa mamita 40 woti muchingire dimba la repu ndi matimati, kuti mbuzi za m'mudzi zisalowemo. Waya ndi wodula, ndipo wina woonjezera palibe. Dimbalo liyenera kukhala la mbali zinai ndi ngodya zonga za citseko. Kodi mulitali ndi mulifupi mwake mukhale motani kuti mupeze malo aakulu koposa obzalapo ndiwo?

Ana ambiri amayankha kuti palibe kusiyana, popeza wayayo ndi yemweyo. Tiyeni tiyese. Mbali zonse zinai ndi mamita 40, cotero mulitali ndi mulifupi pamodzi ndi mamita 20. Tikaculukitsa ziwirizi tipeza kukula kwa dimba m'masikweya mita:

1 × 19 = 19
2 × 18 = 36
5 × 15 = 75
6 × 14 = 84
9 × 11 = 99
10 × 10 = 100
11 × 9 = 99

Mwaona kuti waya umodzimodzi ukhoza kukupatsani kadimba ka masikweya mita 19 kapena dimba la masikweya mita 100. Amene sanawerenge bwino ataya ndiwo zambiri asanagwire n'khasu lomwe.

Tsopano yang'anani cinthu cina. Pocoka pa mita 1 kupita pa mamita 2, dimba lakula ndi 17. Pocoka pa 5 kupita pa 6 lakula ndi 9. Pocoka pa 9 kupita pa 10 lakula ndi 1 yekha, ndipo tikapitirira pa 10 liyamba kucepa. Dimba likukula, koma kakulidwe kake kakunka kacepa. Masamu ochedwa calculus amafufuza kakulidwe kameneka.

Tiime pa mulifupi mwa mamita 5, pamene dimba lili 75. Titaonjeza mita yathunthu tinapindula 9. Tikaonjeza mita 0.1 yokha, tipeza 5.1 × 14.9 = 75.99. Phindu ndi 0.99 pa gawo limodzi mwa magawo khumi a mita, ndiko kuti 9.9 pa mita. Tikaonjeza sentimita imodzi, tipeza 5.01 × 14.99 = 75.0999, ndiko kuti 9.99 pa mita. Pamene ticepetsa coonjezaco, yankho liyandikira 10. Nambala imene tikuiyandikirayi, akatswiri a masamu amaicha derivative. Imatiuza msanga wa kakulidwe ka dimba pa malo enieniwo pamene taima.

Nanga 10 ameneyu wacokera kuti? Ganizani muli m'dimba la mamita 5 ndi 15. Mukakankhira kunja pang'ono waya wa mbali yaitali, mupindula kamzera ka nthaka kotalika mamita 15. Koma waya woonjezera pa mulifupi wacokera ku mulitali, motero mutaya kamzera kena kotalika mamita 5. Phindu ndi 15 kucotsapo 5, ndiye 10. Pa dimba la 9 ndi 11, phindu ndi 2. Pa dimba la 10 ndi 10, cimene mupindula cilingana ndi cimene mutaya, ndipo derivative ndi 0. Pamenepo ndi pamene dimba lafika pa ukulu wake wonse. Zili ngati munthu wokwera phiri: poyamba citunda ndi cacikulu, kenaka cicepa, ndipo pamwamba penipeni sakukweranso koma sanayambe kutsika.

Derivative mumakumana nayo ngakhale pa ulendo. Kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570. Basi ikatenga maola 10, tinena kuti yayenda makilomita 57 pa ola. Komatu siinayende conco njira yonse. Pa mapiri a kufupi ndi mtsinje wa Luangwa inayenda pang'onopang'ono, pa cigwa inathamanga, ndipo ku Petauke inaima. Kamuvi kamene dalaivala amayang'ana patsogolo pake kamaonetsa liwiro la kamphindi komweko. Liwiro limenelo ndilo derivative ya mtunda umene basi yayenda.

Mau akuti calculus ndi a Cilatini, ndipo amatanthauza kamwala, cifukwa anthu akale anali kuwerengera ndi timiyala. Isaac Newton wa ku England anatulukira njira zimenezi m'zaka za 1665 ndi 1666, pamene Yunivesite ya Cambridge inatsekedwa cifukwa ca mliri. Gottfried Leibniz wa ku Germany anazitulukiranso payekha, nazisindikiza mu 1684. Lero mainjiniya amagwiritsa nchito masamu amenewa pomanga milatho ndi madamu, ndiponso popanga zitini zimene zitenga zinthu zambiri koma zosatha citsulo cambiri.

Aphunzitsi, musadere nkhawa kuti masamu awa amaphunzitsidwa ku makalasi apamwamba a sekondale ndi ku yunivesite. Maziko ake ali m'manja mwanu. Tengani cingwe ndi zikhomo zinai, muturuke ndi ana pabwalo, ndipo iwo eni apime, alembe ndi kuyerekeza. Mwana aliyense ayambe wanena yankho limene akuganiza asanapime.

Nayi nchito yoti mucite sabata ino. Dimba lija tsopano ligundane ndi cipupa ca kalasi, kuti waya wa mamita 40 uchinge mbali zitatu zokha. Pezani mulitali ndi mulifupi mopatsa malo aakulu koposa. Ana ambiri adzafulumira kunena kuti mbali zonse zilingane monga poyamba. Alekeni alembe manambala ao kufikira ataona okha kuti dimba la mamita 10 ndi 20 lipatsa masikweya mita 200, ndipo kenaka muwafunse cifukwa cake.