Mzungu ndi Tchimo la Tsankho: Phunziro la Ambuye Denis Hurley

Tikamva mawu akuti tsankho, ambiri timaganiza za chidani cha mumtima mwa munthu mmodzi. Komatu lilipo tsankho lina lozika mizu m'malamulo, m'masukulu ndi m'malipiro, kotero kuti ngakhale munthu wopanda chidani amadyerera nalo osazindikira. Lotere ndilo linalamulira South Africa kuyambira 1948 mpaka 1994 m'dzina la apartheid, ndipo makolo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela analilawa. Funso lathu nali: kodi Mkhristu wobadwira kumbali yodyererayo achitenji? Moyo wa Ambuye Denis Hurley, amene anali Arkiepiskopi wa Durban, utithandiza kuyankha.

Poyamba, aphunzire. Ambuye Hurley anabadwa mu 1915 ku Cape Town kwa makolo ochokera ku Ireland, nakulira pakati pa azungu amene ankaona tsankho ngati chinthu chachibadwa. Ali ku Roma pa maphunziro a unsembe, anakumana ndi chiphunzitso cha Eklezia pa za chilungamo, ndipo anayamba kuyesa nacho dziko lakwawo. Anadzozedwa episkopi mu 1947 ali ndi zaka 31. Mu 1957 maepiskopi a kumeneko, iwo ali mtsogoleri wawo, analengeza kuti apartheid ndi yoipa mwa iyo yokha: siingakonzedwe, iyenera kuchotsedwa.

Kachiwiri, asese m'nyumba mwake. Maepiskopi aja anavomera kuti tsankho linalimo m'Eklezia momwe. Ngakhale aseminale ankasulidwa padera: azungu ku St John Vianney ku Pretoria, akuda ku St Peter's, imene pambuyo pake inakhala ku Hammanskraal. Mu 1970 ansembe ena akuda, pakati pawo Bambo Smangaliso Mkhatshwa, anadandaula poyera kuti Eklezia wawagwiritsa mwala. Apa tiona kuti mzungu wofuna kuthandiza ayenera kutchera khutu ngakhale pamene chala chikuloza iye, pakuti mwini bala ndiye adziwa pamene pakuwawa.

Kachitatu, achitepo kanthu. Mu 1976 masisitere anayamba kulandira ana a mitundu yonse m'masukulu a Katolika amene anali a azungu okha, boma lisanalole. Chaka chomwecho Ambuye Hurley anayambitsa bungwe la Diakonia logwirizanitsa mipingo ya ku Durban pa ntchito za chilungamo.

Potsiriza, alolere kuvutika. Atanena poyera za nkhanza za apolisi a Koevoet ku Namibia, boma linawaimba mlandu mu 1984, koma linauchotsa mu 1985. M'busa Beyers Naudé wa mpingo wa Dutch Reformed anataya udindo wake mu 1963, ndipo boma linamtsekera pakamwa kuyambira 1977 mpaka 1984.

Tisaiwale kuti eni nkhondoyi anali anthu akuda, amene anakhetsa mwazi ku Sharpeville mu 1960 ndi ku Soweto mu 1976. Azungu aja anangosenza mbali yawo ya denga.

Ife ansembe ndi aseminale tidzifunse tsono: m'maparishi mwathu, ndani amadyerera chifukwa cha mtundu, chigawo kapena chilankhulo chake, ndipo ndani amatsalira kunja? Ngati odyererawo ndife, njira ndi yomweyo.