Mapasa a ku Mambwe, Gawo 4

Pabwalo la ndege la Mfuwe panali podzaza ndi alendo ochokera ku South Luangwa, makamera ali m'khosi. Ife tinakhala pakona: ine, mlamu wanga ndi mapasa ake a zaka 7. Wamkulu tsaya linali litatupa mpaka mano kugwedera. Matikiti analipo awiri okha, ogulidwa ndi abwana a achimwene.

"Alamu, inu ndinu anamwino," anandinong'oneza. "Ana awa mimba imodzi, nkhope imodzi, neti imodzi. Wasankha mmodziyu ndani, ngati si munthu?"

Amene ankamuganizira ndinkamudziwa, ndipo sindinafune kuti dzina lituluke.

Ndinati matendawa ndi khansa imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, ndipo imakonda madera a malungo ngati chigwa chathu chino. Imayenda ndi kachilombo ka Epstein-Barr, kamene pafupifupi tonse timakatenga tili ana.

"Nanga onse bwanji sadwala?"

Funso lake linali labwino kuposa mayankho anga. Ndinati DNA ya mapasa ndi imodzi, koma selo siliwerenga malangizo onse. Tinthu totchedwa methyl timamatirira pa DNA n'kutseka malangizo ena, ngati loko pachitseko: chipinda chilipo, katundu alimo, koma sungalowe. Mu 1983 Andrew Feinberg ndi Bert Vogelstein anapeza kuti m'maselo a khansa malokowa amasokonekera. Kachilombo kaja kamatseka malangizo ake ambiri kuti chitetezo cha thupi chisakaone, kamatsekanso BIM, lamulo louza selo lowonongeka kuti life. Mwa mwana mmodzi zimenezi zikakumana ndi kuduka kwa DNA pamalo otchedwa MYC, chotupa chimatha kuwirikiza m'masiku awiri okha. Koma khansa imeneyi imamva mankhwala akayambidwa msanga, n'chifukwa chake tinali kuthamangira ku Lusaka.

Anaitana okwera. Mlamu anagwira wamkulu pamkono, wamng'ono anatsala ndi ine. Wamng'onoyo nsima ya dzulo anali ataisiya, ati m'mimba.

Injini zitayamba kulira, foni yanga inanjenjemera. Anali adokotala amene anaunika ana onse awiri Lachitatu.

"Asisita, zithunzi za m'mimba zija ndazionanso. Chotupa chachikulu chija sichili mwa wa tsaya." Anapuma kaye. "Mwana amene wakwera ndegeyo ndi uti?"