Ngalawa za thanga pa nyanja ya Niassa

Ana inu, mtsinje wa Zambezi mumaudziwa. Umadutsa mu mzinda wa Tete. Pa mtsinjewu anthu amakwera bwato, napalasa ndi nkhafi. Lero tiphunzira za ngalawa ina. Iyo ilibe injini. Imayenda ndi mphepo. Dzina lake ndi ngalawa ya thanga.

Nyanja ili kuti?

Nyanja ya Niassa ili kumpoto kwa dziko lathu, m'cigawo ca Niassa. Yakhudza maiko 3: Moçambique, Malawi ndi Tanzania. Anzathu a ku Malawi amati nyanja ya Malawi. M'litali mwake imaposa makilomita 500. Pamalo ozama kwambiri, kuya kwake kumafika pafupifupi mamita 700. Madzi ake alibe mcere. Amatuluka ndi mtsinje wa Shire, nadzalowa m'Zambezi kumunsi kwa Mutarara.

Anthu ambiri a m'mbali mwa nyanjayi amalankhula Cinyanja. Dzina lakuti Cinyanja lidacokera ku mawu akuti nyanja.

Ngalawa ndi yotani?

Bwato amalisema pa mtengo umodzi. Ngalawa amaikhoma ndi matabwa ambiri, ndipo ndi yaikulu kuposa bwato. Pakati pake pali mtengo woimirira. Umenewu ndi mlongoti. Pa mlongoti amamangapo nsalu yaikulu ndi zingwe. Nsaluyo ndiye thanga. Likang'ambika amalisoka zigamba. Kumbuyo kuli ciwongolero. Palinso nangula, cinthu colemera comangidwa ku cingwe. Akamuponya m'madzi, ngalawa imaima.

Imayenda bwanji?

Mphepo ikaomba thanga, thanga limafufuma. Likafufuma limakoka mlongoti, ndipo ngalawa yonse imayenda. Mphepo ikacokera kumbuyo, ulendo suvuta. Ikacokera m'mbali, amalinyero amatembenuza thanga ndi zingwe. Ikacokera kutsogolo, amayenda mokhotakhota kapena amadikira pa gombe. Ikaleka, thanga limalendewera. Pamenepo amatenga nkhafi, napalasa.

Tsiku la amalinyero

Amalinyero amadzuka m'bandakuca. Asanakweze katundu amayang'ana mitambo ndi mafunde. Kenaka amakweza matumba a ufa wa cinangwa, nsomba zouma ndi nkhuni. Anthu apaulendo amakhala pakati, ena mbali iyi, ena mbali iyo, kuti ngalawa isapendeke.

Aliyense ali ndi nchito yake. Wamkulu amagwira ciwongolero. Wina amasamala zingwe za thanga. Wina amakapa madzi olowa m'ngalawa.

Amayenda m'mbali mwa gombe, naima m'midzi. Apa atsitsa munthu, apo akweza thumba. Madoko odziwika ndi Metangula ndi Cobué. Pafupi ndi Cobué pali cilumba ca Likoma. Cilumbaci ndi ca dziko la Malawi, koma cayandikira gombe lathu. Mitengo ndi yocepa pa Likoma, motero ngalawa zimapita nazo nkhuni kumeneko.

Dzuwa likapendeka amakoceza pamalo obisika ku mphepo. Amasonkha moto pa mcenga. Amaphika nsima ya cinangwa, ndiwo zake usipa, utaka kapena cambo. Amagona pafupi ndi ngalawa yawo.

Mphepo zili ndi maina

Mphepo yocokera kumpoto ndi mpoto. Yocokera kumwera ndi mwera. Mwera amaomba kwambiri nyengo yozizira, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti. Amautsa mafunde aakulu, ndipo nthawi zina amaomba masiku angapo osaleka. Mmalinyero wanzeru salimbana naye. Amamangirira ngalawa, nadikira kuti nyanja ikhale bata.

Ngakhale sitima zazikulu zimaopa namondwe. M'caka ca 1946 sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi. Anthu oposa 100 adafa. Ndiye cifukwa cake pa ngalawa pali malamulo:

1. Osakwera ngalawa yodzaza kwambiri.
2. Osaimirira kapena kusewera ngalawa ikuyenda.
3. Mwana akhale pafupi ndi munthu wamkulu.
4. Tivale covala coyandamitsa ngati cilipo.
5. Timvere mawu a wogwira ciwongolero.

Kale ndi lero

M'zaka za m'ma 1800, amalonda a Ciswahili adakhoma ngalawa zazikulu za thanga pa nyanjayi. Ku Nkhotakota kudali mfumu yawo, Jumbe. Ngalawa zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Imeneyo idali nthawi ya cisoni. Malonda oipawo adatha. Ngalawa za thanga zidatsala, ndipo zidayamba kunyamula cakudya ndi anthu aufulu.

Masiku ano maboti a injini aculuka. Amathamanga, koma amafuna mafuta, ndipo mafuta amagulidwa ndi ndalama. Mphepo sagula. M'caka ca 2011 boma la Moçambique lidaika mbali yathu ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa, kuti nsomba zisathe.

Mawu atsopano

thanga, mlongoti, ciwongolero, nangula, amalinyero, mwera, mpoto

Mafunso

1. Kodi ngalawa ya thanga imayenda ndi ciyani?
2. Bwato ndi ngalawa zisiyana bwanji?
3. Mphepo ikaleka, amalinyero amacita ciyani?
4. Ndi mphepo iti imene imautsa mafunde aakulu?

Nchito ya kunyumba

Makolo, werengani phunziroli pamodzi ndi mwana wanu. Tengani khungwa la mtengo kapena cidutswa ca phesi la cimanga. Bayanipo kamtengo. Pa kamtengopo ikanipo tsamba kuti likhale thanga. Thirani madzi m'beseni, ikanimo kangalawako. Mwana auzire mpweya kumbuyo, kenaka m'mbali. Mufunseni kuti kalowera kuti. Masewerowa acitikire pakhomo, osati kumtsinje. M'Zambezi muli ng'ona.