Mwandionera Pati? Funso la Munthu Wamfupi Msinkhu

Akuluakulu a m'midzi ya Achewa amasimba kuti makolo awo pofika m'dziko muno anapeza mtundu wa anthu aafupi msinkhu, alenje odziwa uta ndi mivi, amene ankatchedwa Akafula kapena Abatwa. Akatswiri amati zojambula zofiira za m'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO linazilemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006, ndi ntchito ya manja a anthu amenewa.

Dzina lawo lina linali Amwandionerapati. Nthano imati munthu akakomana ndi mmodzi wa iwo pa njira, iyeyo ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Woyankha kuti wamuonera pomwepo ankaputa mkwiyo, pakuti kunali ngati kumuuza kuti ndi wochepa wosaoneka. Koma wochenjera ankaloza ku phiri, nanena kuti wamuonera kutali uko, ndipo ankapita mu mtendere.

Osimba nthanoyi anali anthu aatali, ndipo m'menemo muli maganizo awo akuti munthu wamfupi aliyense ali ndi chilonda mu mtima, kotero kuti ayenera kumunyengerera ndi bodza. Mbiri ya anthu ena aafupi itsutsa maganizo amenewa.

Amuna awiri a ku Nigeria

Chinedu Ikedieze anabadwa m'chaka cha 1977 ndipo Osita Iheme m'chaka cha 1982, onse awiri a mtundu wa Igbo. M'chaka cha 2002 anasewera ngati ana awiri osamva m'filimu yotchedwa Aki na Ukwa, chonsecho anali amuna aakulu kale. Filimuyo inafika mpaka m'nyumba zoonetsera kanema za m'misika ya ku Malawi, ndipo maina akuti Aki ndi Pawpaw analowa m'kamwa mwa ana ndi akulu omwe.

Kuli ena amene amati anthu ankaseka matupi awo, osati luso lawo, ndipo mawu amenewa sali opanda pake iai. Koma amuna awiriwa sanabisale m'nyumba. Ikedieze anaphunzira za kufalitsa nkhani pa sukulu yaukachenjede ya mu mzinda wa Enugu. M'chaka cha 2007 onse awiri analandira ulemu wapadera pa mphoto za Africa Movie Academy Awards chifukwa cha ntchito yawo yonse, ndipo pambuyo pake Boma la Nigeria linawapatsa ulemu wa fuko wotchedwa MFR. Msinkhu umene anzawo akanauyesa tsoka, iwo anausandutsa khasu lodyera.

Zotere sizinayambe lero. Mu mzinda wa Cairo musungidwa fano la Seneb, nduna yaifupi ya mafumu a ku Igupto imene inakhalako zaka zoposa 4,000 zapitazo. Wosema anamuika atakhala pambali pa mkazi wake wa msinkhu wa masiku onse, ndipo pamene pakanafika miyendo ya munthu wamtali anaikapo ana ake awiri. Ku America, Billy Barty, wosewera m'mafilimu amene kutalika kwake kunali masentimita 114, anaitanira anzake aafupi ku mzinda wa Reno m'chaka cha 1957. Anasonkhana anthu 21 okha, koma pamenepo ndi pamene panabadwira bungwe la Little People of America. Tsiku limene iye anabadwa, 25 Okutobala, ndilo tsiku limene anthu a m'maiko ambiri amakumbukira anthu aafupi.

Ufupi uli mitundu mitundu

Tsono nkoyenera kusiyanitsa bwino. Pali ufupi wa kumtundu: makolo aafupi amabala ana aafupi, ndipo pamenepa palibe nthenda. Pali ufupi wina wobadwa nawo, monga umene madokotala amautcha achondroplasia, pamene mafupa a miyendo ndi mikono sakula mokwanira, koma nzeru za munthuyo zili bwinobwino. Gwero lake linapezeka m'chaka cha 1994, ndilo kusintha kwa kanthu kamodzi kakang'ono mwa tinthu ta m'thupi timene timatengera maonekedwe a makolo kwa mwana. Mwa ana khumi obadwa motere, pafupifupi asanu ndi atatu amabadwa kwa makolo a msinkhu wa masiku onse. Chotero palibe chifukwa cholozera chala mayi, kapena kupita kwa sing'anga kukafuna mfiti.

Mtundu wachitatu ndiwo kupinimbira kobwera ndi kusowa zakudya zoyenera ndi kudwaladwala, ndipo umenewu suyenera kulandiridwa ndi manja awiri. Kafukufuku wa Boma wa zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira. Vuto limeneli limayamba m'masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo limavulaza thupi ndi ubongo womwe. Mankhwala ake ndiwo kuyamwitsa bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kudyetsa mwana zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi, ndi kupita naye ku sikelo mosadumphitsa. Kholo lonena kuti "kwathu ndife aafupi" lisanaonetse mwana kwa a zaumoyo lingathe kuphimba njala ndi dzina la mtundu.

Yankho loona

Koma munthu amene wakula kale, msinkhu wake ndi womwewo, ndipo kudandaula sikuonjezapo ngakhale chala chimodzi. Chimene chingasinthe ndicho khalidwe la omuzinga: mphunzitsi woleka ana kutonza mnzawo, wolemba ntchito woyang'ana msinkhu asanaone makalata a sukulu, ndi ankhoswe okana mkamwini wakhama chifukwa chakuti mkazi wamupitirira. Anthu omwewa madzulo amasimbira ana awo za Kalulu wogonjetsa Njovu, naiwala phunziro lake kukacha.

Aki ndi Pawpaw, Barty ndi Seneb sanapemphe munthu kuti aloze ku phiri. Wamfupi wodziwa mtengo wake angathe kuuzidwa kuti "Ndakuonerani pomwepa," iye nayankha moni, napitiriza ulendo wake.